Dzanja Langa Silinagwire Lamba

Mng'ono wanga,

Landira moni wanga, iwe ndi mlamu wanga ndi ana onse pakhomopo. Kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Bondo lako lija linaleka kutupa, kapena ukulimbana nalobe? Ine kuno kupuma ndikupuma, koma ndikati tili bwino ndiye kuti ndakunamiza. Zilembo zanga zokhotakhotazi usaziseke, chala changa chachikulu anachipotokola, cholembera ndachita kuchipanira. Kalatayi uyambe wawerenga wekha, utakhala pansi, usanaitane mlamu.

Mwana wako wamenyedwa. Ndikunena mwana wathu wamwamuna yekhayo, amene kuntchito kuno amamutcha Injiniya. Moyo ulipo, usadzidzimuke. Koma dzanja lamanja lili m'chikhakha, nthiti zina zinathyoka, nsagwada anaimanga ndi mawaya, ndipo diso lakumanzere adokotala akuti tidikire kutupa kuphwe ndiye adzadziwe ngati lidzaonenso. Amene amuchita zimenezi si achifwamba a mumsewu ayi. Ndi anthu amene ndadya nawo mbale imodzi kuyambira tsitsi langa lili lakuda. Ndipo ine ndinalipo, maso ali gwa, ndikuona.

Ndikufotokozere kuyambira pachiyambi, pakuti iwe ndege umangoziona zikudutsa m'mwamba.

Ukudziwa kuti moyo wanga wonse ndathera m'shedi ya katundu pabwalo la ndege. Ife ndife gulu la onyamula. Ndege yakatundu ikatera timaima mzere kuchokera pakhomo pake mpaka m'shedi, n'kumapatsirana mabokosi dzanja ndi dzanja. Ukudziwanso kuti amake atamwalira mwanayo anakulira m'shedi momwemo, akugona pa matumba. Gulu lonse linkati ndi mwana wathu tonse. Mnzanga wapamtima, amene timamutcha Mapewa chifukwa cha kutambalala kwa msana wake, ndiye ankamunyamula pakhosi kuti aone ndege pamwamba pa mpanda. Ndiyenso anamuphunzitsa kumanga mfundo yosamasuka. Mwanayo ataphunzira n'kulembedwa ntchito yosamala makompyuta a m'ndege, gulu linavina m'shedi mpaka fumbi kobo, ngati kuti aliyense wabereka yekha.

Mmene iye anandifotokozera za ntchito yakeyo ndi umu. Kumwambaku kuli misewu ngati pansi pano, kungoti sioneka. Ndege zamakonozi zili ndi kompyuta imene imasunga misewu yonseyo, ndipo woyendetsa akaiuza kumene akupita, iyo ndiyo imakhotetsa ndege, kuikweza ndi kuitsitsa. Ntchito ya mwana wathu inali kukwera m'ndege mwezi ndi mwezi ndi kalaputopu kake ndi chingwe, n'kuthiramo mapu atsopano ochokera kwa opanga makinawo. Iye sapanga mapuwo, sawonjezeramo kanthu kake, amangothira monga mmene munthu wa pafilingi amathirira mafuta. Anzanga akamuona akukwera makwerero ankakuwa kuti Injiniya akukadyetsa ndege, aipatse yambiri ikhute. Iye ankangoseka n'kugwedeza kachingwe kake.

Tsono bwalo lathuli lili ndi phiri mbali imodzi. Ndege ikabwera kudzatera n'kupeza chifunga, woyendetsa osaona pansi, imayenera kukweranso n'kukhotera kumanja, kothawa phirilo. Tsiku lina ndege yakatundu inalephera kutera, ndipo pokweranso kompyuta inayamba kuikokera kumanzere, kuphiri. Woyendetsa anailanda msanga n'kuiwongola ndi manja ake. Atatera anatsika n'kukauza mwana wathu. Mwanayo anakhala m'ndegemo akuyesa ili pansi, ndipo anaona ndi maso ake mzere wa pagalasi la kompyutayo ukupindikira kuphiri nthawi iliyonse munthu akasintha nambala ina yaing'ono ya kutalika kwa ndege m'mwamba. Anachita zimene ntchito yake imalamula. Anadziwitsa a bungwe la boma loyang'anira za ndege.

Pambuyo pake zinamveka kuti vutoli silinali la ndege yathu yokha. Kumaiko enanso anali ataliona, ndipo opanga makinawo anavomera okha kuti cholakwa chili mu pulogalamu yawo. Bungwe lija linatulutsa lamulo lakuti ndege zonse zokhala ndi kompyuta ya mtundu umenewo zisiye kutera modalira kompyutayo mpaka pulogalamu itakonzedwa. Woyendetsa azitera pokhapokha akuona pansi ndi maso ake. Lamulolo ndi labwino, sindikana. Sindifuna kukatola zidutswa za anthu kuphiri. Koma linabwera pakati pa nyengo ya chifunga, pamene m'mawa sungaone ngakhale chipata cha nyumba yako. Ndege zinkabwera, tinkazimva zikulira pamwamba pa mitambo, kenaka phokoso n'kumachepa, zikupita kukatera kumzinda wina. Ife tili chiimire pamzere, manja lende.

Wonyamula katundu amadya ndege ikatera. Ikapanda kutera, kunyumba kulibe utsi. Amene analemba lamulolo ali m'maofesi awo ozizira, sanafunse kuti pansi pa ndege pamakhala ndani. Masabata anapita. Ana a anthu anayamba kubwezedwa kusukulu, eni nyumba anayamba kuchotsa zitseko. Amuna akuluakulu ankakhala pa mapaleti, matabwa osanjikapo katundu, ali opanda kanthu, osayang'anana, ndipo munthu akatsokomola mnzake ankafunsa kuti watukwana ndani.

Kapitawo wathu anatenga anthu angapo kukafunsa bwana wa kampani kuti zitha liti. Bwanayo, munthu amene sanyamula ngakhale chikwama chake chomwe, sanawapatse n'mpando womwe. Akuti anawayankha kuti asamusokose iye, si iye amene amalowa m'ndege ndi kompyuta, ndiponso si iye amene anathamangira kuboma. Akafunse mwana wawo yemweyo. Anaponya fupa pakati pa agalu anjala n'kutseka chitseko.

Pali mnzathu wina timamutcha Wailesi, chifukwa pakamwa pake sipazima. Ameneyo ndiye anatola fupalo. Iwe uyenera kudziwa kuti m'shedi tili ndi lamulo lakalekale: katundu akasweka pamzere, mlandu ndi wa womaliza kumugwira. Sitifunsa kuti bokosilo linabwera long'aluka kale kapena ayi. Linali m'manja mwa ndani? Basi, nkhani yatha. Lamuloli latisunga zaka zambiri, chifukwa popanda ilo tikanamangokangana tsiku lonse. Tsono Wailesi anayamba kuzungulira akufunsa kuti kodi womaliza kugwira kompyuta ya m'ndege ndani. Kodi thumba limadzing'amba lokha? Tonse sitinkamuona akukwera ndi kachingwe kake? Anati mwanayo waononga yekha makinawo, kenaka wathamangira kuboma kuti aoneke wanzeru, amukweze paudindo, ife tikudya mphepo.

Ndinayesa kuwafotokozera. Ndinati kompyuta si bokosi, cholakwacho chinachokera kutsidya kwa nyanja, chili m'ndege za maiko onse zimene mwana wanga sanazionepo n'komwe. Wailesi anaseka n'kunena kuti tamverani, madala asanduka payiloti lero, munthu wosiyira sukulu panjira. Wina anati magazi ndiwo akuyankhula. Ndinayang'ana Mapewa kuti andithandize. Iye ankasoka nsapato yake, mutu uli pansi.

Palinso mwambo wina wa m'shedi umene sindinakuuzepo, chifukwa sitiuza anthu akunja. Munthu wa m'gulu akaba katundu kapena akagulitsa anzake, sitipita naye kupolisi. Timatseka chitseko chachikulu, timamugoneka pa paleti, ndipo timatenga lamba womangira katundu, uja wansalu yolimba wokhala ndi ngowe yachitsulo kumapeto. Ngoweyo amaifumbata m'dzanja, lambayo n'kumupinda pawiri. Aliyense wa m'gulu amamenya kamodzi pamsana, kamodzi kokha, n'kupatsira mnzake monga timapatsirana mabokosi. Palibe wololedwa kukana. Nzeru yake ndi yakuti onse akamenya sipakhala mboni, chifukwa wonena mnzake wadzinena yekha. Ndipo ngati wolakwayo ali ndi mbale wake m'gulumo, mbaleyo ndiye amayamba, kusonyeza kuti gulu limaposa magazi.

Mwana wathu anali atachoka m'gulu kalekale, sakanatha kumukoka kuchokera kuofesi kwake. Ndiye ukudziwa zimene anachita? Mapewa anapita yekha kukamuuza kuti abambo ako akomoka m'shedi, fulumira. Mwanayo anabwera akuthamanga masana dzuwa lili paliwombo, atavala malaya ake oyera, akukuwa kuti abambo ali kuti. Ine ndinali kumbuyo ndikupinda maukonde ophimbira katundu, osadziwa kanthu. Ndinamva mawu ake, kenaka ndinamva chitseko chachikulu chikugudubuzika mpaka pansi, gu!

Pamene ndinkafika anali atamugwira kale mikono ndi miyendo. Kapitawo anaweruza mwachidule, akuti mwanayu tinamulera tokha, watidyera masuku pamutu, lero timukumbutsa kumene anachokera. Mwanayo ankayesa kuyankhula, ankati amalume, abambo anga nonse, ndimvereni kaye, ndikuonetsani. Wailesi anamutseka pakamwa ndi chiguduli cha girisi. Anang'amba malaya aja kuyambira pakolala. Kenaka kapitawo anatembenukira kwa ine, anandiloza ndi lambayo, n'kunena kuti madala, mwambo mukuudziwa, yambani.

Ndinapisa manja onse m'khwapa n'kufinya. Ndinawauza kuti wakuba ndimumenya, koma uyu sanabe, ndipo amene akufuna dzanja langa achite kulidula. Anandilumphira atatu. Ine ndakalamba, koma manja a wonyamula katundu sakalamba msanga. Anandigwetsera pa simenti, wina bondo pakhosi, wina akukoka mkono. Anatulutsa dzanja lamanja n'kuyamba kukanula zala chimodzichimodzi kuti alowetsemo lamba, ati ndingokhudza msana wa mwana basi, ziwerengedwa. Ndinafumbata chibakera. Wina anagwira chala chachikulu n'kuchipindira kumbuyo mpaka chinalira, thyo! Koma zala zinayi zinatsalazo sizinatseguke. Atatopa, kapitawo anati musiyeni galu wokalambayo, tithana naye bwino. Mapewa ndiye anandidzutsa n'kundikumbatira cha kumbuyo, mikono yake ngati zitsulo, kundiyang'anitsa kumene kunali mwana wanga. Ankandinong'oneza kuti pirira mnzanga, ndi kamodzikamodzi chabe, zitha msanga.

Oyambawo anamenya mwamwambo. Msana unatuluka mizere, mwanayo akubuula m'chiguduli. Lamba atafika kwa Wailesi, iye sanafumbate ngowe. Anagwira kunsalu, ngowe n'kuisiya lende, anaizunguza m'mwamba n'kutsitsa. Chitsulocho chinazungulira mutu n'kukalowa pankhope, pafupi ndi diso. Pochikoka chinang'amba. Magazi anathovukira pa paleti mpaka pa nsapato za kapitawo.

Mng'ono wanga, magazi akaoneka mwambo umathawa. Mzere unasweka. Anthu anjala aja anamugwera onse pamodzi, nsapato, zibakera, wina thabwa la paleti lokhala ndi misomali. Mwanayo anagwa pansi akudziteteza kumutu ndi dzanja lamanja, ndipo wina analiponda dzanjalo ndi jombo n'kupotokola chidendene ngati akuzima ndudu. Ndinamva mafupa. Ndinakuwa mpaka mawu anatha, ndinamenya Mapewa ndi nkhongo pamphuno, koma sanandisiye. Ankangobwereza kuti zitha, zitha.

Atasiya, mwanayo sankagwedezeka. Apo kapitawo anayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti watsala mmodzi. Mapewa anandimasula, ine n'kugwa ngati thumba. Anapita, anatola lamba m'magazimo, anamupinda pawiri bwinobwino, ngowe m'dzanja, mwaulemu wake wonse. Anayang'ana mwana amene ankamunyamula pakhosi uja, atagona chafufumimba, osadziwa kanthu. Ndipo anamenya. Kamodzi, monga mwa mwambo.

Nkhonya zonse zija mwina tsiku lina ndingaziiwale. Wailesi ndi chitsiru chibadwire, sindinayembekezepo kanthu kwa iye. Koma kumenya kumodzi kwa Mapewa kuja ndimakumva ndikamadya, ndikamasamba, ndikamayenda pamsewu. Sanamenye ndi mkwiyo. Anamenya kuti adzitchinjirize, kuti dzanja lake lifanane ndi la anzake.

Anatsegula chitseko okha, anagwetsa mulu wa mabokosi pafupi ndi magaziwo, n'kuitana galimoto ya kampani. Kuchipatala wapolisi anabwera kudzafunsa. Gulu lonse linayankha ngati kwaya kuti katundu anamugwera. Adokotala anati sanaonepo bokosi lovala jombo. Wapolisiyo anandikokera pambali n'kundiuza kuti iye akuona yekha kuti ndi bodza, koma popanda munthu woima m'khoti n'kuloza nkhope, iye sangachite kanthu. Anafunsa ngati ndinaona. Pakhosi panga panali potupa, mawu osatuluka, ndinangomuuza ndi dzanja kuti ndidzabwera.

Tsono taona mmene dziko limasekera. Pasanapite nthawi opanga makina aja anatumiza pulogalamu yokonzedwa. Kampani inaitanitsa munthu wina kuchokera kumzinda wina kudzaithira m'ndege, ndi kalaputopu ndi kachingwe konga ka mwana wathu komwe. Bungwe linachotsa chiletso. Ndege zikutera m'chifunga chomwecho, zikukhotera kumanja zikafuna kukweranso, palibe imene yagunda phiri. Gulu likugwira ntchito, likuimba pamzere. Pamalo panga anangosendera n'kutseka mpata. Bwana anatumiza maluwa kuchipatala. Maluwa! Ndinawaponya m'bini ya mabandeji. Iwo akudya ndi mano awo onse, mwana wanga akumwa phala lamadzimadzi ndi kapaipi kodutsa pakati pa mawaya. Palibe ndi mmodzi yemwe amene wabwera kudzanena kuti tinalakwa, vuto silinali iye. Wailesi akuti akuuza anthu kuti mwaona, titangomulanga ndege zabwerera.

Tinamutulutsa m'chipatala, ali kunyumba. Mpongozi wathu ndiye akumusambitsa ndi kumutembenuza, mwana wamkazi wolimba mtima, salira pamaso pake, amakalirira kubafa atatsegula mpopi. Mwanayo amayankhula pang'onopang'ono, mano ali chilumire. Ndipo ukudziwa chimene akundipempha? Akuti ndizisiye. Akuti anthu aja inali njala, sankadziwa, ndipo ndikawatchula onse akamangidwa, ana awo adya chiyani. Akuti ena mwa anawo anakula nawo limodzi. Ndinamuuza kuti mtima umenewo anatengera amake, kwa ine sanatengeko. Anandigwira ndi dzanja lamanzere n'kunena kuti abambo, chonde. Ndinatuluka panja chifukwa ndikanamukalipira munthu wodwala.

Lamulungu lapitali masana Mapewa anabwera. Sanagogode. Anaima pabwalo n'kundiitana ndi dzina limene ankandiitana tili anyamata. Nditatuluka anavula malaya, anagwada pafumbi, anaika lamba patsogolo pa mapazi anga, yemwe uja, magazi atauma n'kuda pansalu. Anati mnzanga, ndimenye. Anati usapinde, gwiritsa kungowe, umenye mpaka mtima wako utsike, sindikuwa ndipo sindithawa. Anthu oyandikana nafe anali atatuluka, akusuzumira pa mipanda, amayi ena atanyamula mabeseni m'manja.

Ndinamutola lambayo. Sindikubisira, thupi langa lonse linkafuna. Ndinayang'ana msana uja, wotambalala, wa zipsera za katundu zofanana ndi zanga, ndipo ndinaona pamene ngowe ingalowe, pansi pa phewa, ndi mmene ndingaikokere kuti itsike ndi mnofu mpaka m'chiuno. Ndinaona nkhongo yake. Malovu anadzaza m'kamwa ngati ndaona nyama. Mkono unakwera wokha, ngowe ikuzungulira, chala chopotoka chija osamvanso kupweteka.

Chimene chinandiimitsa si chifundo ayi. Anatembenuza mutu pang'ono kuyang'ana anthu a pa mipanda aja, ngati akuwerenga kuti alipo okwanira. Apo ndinazindikira chimene anabwerera. Sanabwere kudzapepesa. Gulu linamutuma. M'gulu lonse dzanja limene silinamenye mwanayo ndi langa lokha, ndiye kuti pakamwa pamene pangayankhule ndi panga pokha. Ndikanangomumenya pamaso pa anthu onsewo, ndikanakhala mmodzi wa iwo. Ndikanati ndipite kupolisi, iye akanavula malaya n'kuonetsa msana. Anabwera kudzagula kukhala chete kwanga ndi khungu lake, ndipo kunena zoona mtengo wake unali wabwino.

Ndinatsitsa mkono. Ndinamukoleka lambayo m'khosi ngati tayi, n'kumuuza kuti avale malaya, angazizidwe, ndikufuna adzafike kukhoti ali wathanzi. Kenaka anadzuka, anasasa maondo, ndipo nkhope imene anandiyang'ana nayo sindinaionepo zaka zonsezi. Anati kodi waiwala kuti nawenso unamenyapo ana a eni. Ndinati akuba, inde, ndipo ngakhale mawa ndikhoza. Anati uganize bwino, nyumba zathu zino n'zoyandikana, denga lako ndi lakale, moto suchedwa, ndipo munthu wa nthiti zothyoka sathamanga. Anatuluka pachipata osatseka.

M'mawa mwake tinapeza galu wathu atapachikidwa pachipata chomwecho, ngowe itamulowa pansi pa chibwano. Ndinamutsitsa mpongozi asanadzuke, ndinakamukwirira kuseri, ndinawauza kuti wasowa. Dzana mwala unalowa pawindo n'kugwera pabedi, pafupi ndi mwendo wa wodwala. Mdzukulu wathu tasiya kumutumiza kusukulu. Ine ndimakhala pakhonde ndi chitsulo chotsegulira mabokosi pamiyendo, koma ndikudziwa kuti nkhalamba imodzi singatchinge khomo ndi mawindo nthawi imodzi.

Tsono pempho langa ndi limodzi, ndipo sindinakupemphepo kanthu chichokereni kwathu. Bwera udzatenge ana ako. Udzatenge mwanayu, mkazi wake ndi mdzukulu, akakhale kwa iwe mpaka mafupa agwirane. Usatume munthu, ubwere wekha, chifukwa kwa wina aliyense akana, koma bambo wake wamng'ono sangamukanire. Umuuze kuti mlamu wako akulira, akufuna kumusamala ndi manja ake, ndipo kumeneko mphepo ndi yabwino kwa wodwala. Zimenezo si bodza. Ubwere ndi mapilo awiri, msewu uli ndi mabampu ndipo nthiti zake sizifuna kugwedezeka. Za adokotala a diso ndafunsa kale, akuti chipatala chachikulu cha kufupi ndi kwanuko chikhoza kumuona.

Chimene usamuuze ndi ichi. Basi yanu ikangokhota pakona, ine ndivala jekete langa ndi kupita kwa wapolisi uja. Ndikawatchula onse, kuyambira kapitawo mpaka womaliza, aliyense ndi chimene anamenyera, uyu jombo, uyu thabwa, uyu ngowe. Mayina awo sindingaphonye, ndakhala ndikuwaitana pamzere m'mawa uliwonse kwa moyo wanga wonse. Mapewa ndidzamutchula pomaliza, monga mmene anamenyera. Bwana nayenso ndikanena mawu amene anayankhula, ngakhale ndikudziwa kuti anthu otero madzi sawanyowetsa.

Ndikudziwa kuti mwanayo akadzamva adzandikwiyira, mwina osandiyankhulanso. Ndikudziwanso ana a anthu aja, ena ndinawanyamulapo ali makanda, ndipo njala imene ikubwera kwa iwo ndaiona kale. Ndaganiza zonsezo, usavutike kundikumbutsa. Ukabwera usadzandinyengerere, usadzandiwerengere mavesi, ndipo usadzandiuze kuti ndikwere nawo basiyo. Ndikachoka ine, katundu ndiye anamugwera mwana wathu, ndipo zidzakhala choncho mpaka kalekale. Akafuna kuotcha nyumbayi aotche, adzapezamo nkhalamba imodzi imene yayankhula kale.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze akonze chipinda chopanda masitepe. Moni kwa alongo athu onse awiri, koma wamkuluyo umuuze pang'onopang'ono, mtima wake suli bwino. Moni kwa ana ako ndi azikazi awo, ndi kwa adzukulu, adzukuluwo uwauze kuti mdzukulu mnzawo akubwera, asadzawaseke bambo ake nkhope. Moni kwa amalume ngati akumvabe, ukuwe pafupi ndi khutu. Kwa achibale a malemu amake mwanayu upiteko wekha, asamvere kwa anthu.

Usayankhe kalatayi. Yankho lako likhale kugogoda pachitseko changa, ndipo pogogoda utchule dzina lako mokweza, chifukwa masiku ano sinditsegula chimanjamanja.

Ndine mkulu wako,
Bambo a Injiniya